Kakonzedwe ka ulendo wapansi wa tsiku limodzi wa gulu la anthu achikulire ku Mulanje ndi ku Thyolo

Anthu ambiri a kuno amene adutsa zaka 60 anakula akuyenda pansi, kaya popita kusukulu, kuchigayo, kumsika wa Chitakale kapena wa Luchenza, ena mpaka m'phiri kukatola nkhuni. Koma munthu akapuma pa ntchito, makamaka amene anali mphunzitsi, namwino kapena kalaliki wa pa esiteti, miyendo imayamba kulemera, chifukwa kulikonse amapita pa kabaza ndipo tsiku limathera pakhonde. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kusonkhanitsa anthu otere, kaya ndi amayi a Mvano, a Dorika, a m'limana kapena anzake a banki m'khonde, kuti aziyenda limodzi m'munsi mwa phiri, m'minda ya tiyi, m'tchire, ndiponso mwa apo ndi apo m'mbali mwa nyanja, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Chimene ndikupempha wokonza ulendo kuti asachiiwale ndi chakuti njira, nthawi ndi liwiro zimasankhidwa poyang'ana munthu wofooka kwambiri m'gulumo, osati wamphamvu, ndipo zonse zimene zili m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Yambani ndi anthu, njira ibwere pambuyo

Gulu labwino ndi la anthu asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri. Likakula kuposa apo limatalika m'njira ngati mzere wa linthumbu, ndipo wakutsogolo sadziwanso zimene zikuchitikira wakumbuyo. Pa anthu amenewa onjezanipo achinyamata awiri amphamvu, mwina adzukulu, amene ntchito yawo ndi kunyamula madzi owonjezera, kugwira dzanja pamalo oterera ndi kuthamanga kukaitana thandizo zikavuta.

Musanatchule n'komwe tsiku la ulendo, chezani ndi munthu aliyense payekha za thanzi lake. Ndanena kuti payekha chifukwa pagulu palibe bambo amene angavomere kuti mtima umamuvuta, ndiponso amayi ambiri sangatchule za vuto la chikhodzodzo pamaso pa anzawo. Funsani ngati ali ndi matenda othamanga magazi, shuga, mphumu, nyamakazi ya m'maondo kapena chizungulire, mankhwala amene amamwa, ndiponso ngati anagwapo m'miyezi yapitayi. Amene amamva kupweteka pachifuwa akakwera kamtunda, amene amabanika ngakhale akuyenda pamalo athyathyathya, amene anachitapo sitiroko kapena wangochitidwa kumene opaleshoni, ayambe wakaonana ndi dokotala ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo, ndipo akafotokoze bwinobwino mtunda umene akufuna kuyenda. Zimene mwamva muzilembe m'kope limodzi ndi nambala ya foni ya wachibale wa aliyense, ndipo kopelo lizisungidwa mwachinsinsi ndi mtsogoleri yekha.

Kenako gulu lizolowere kuyenda kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi pafupi ndi kwanu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndipo mphindi 30 za kuyenda kwa masiku asanu zimakwanitsa kale muyeso wapansiwo. Mlungu woyamba yendani pamalo osakwera, wachiwiri lowetsanimo kamtunda, ndipo pofika kumapeto aliyense akhale atayendapo maola awiri atavala nsapato zimene adzavale tsikulo ndi kubereka chikwama chimene adzabereke. M'milungu imeneyi ndi mmene mtsogoleri amadziwira yemwe amatsalira, yemwe amapupuluma ndi yemwe amabisa kutopa.

Kusankha njira

Apa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsa, chifukwa munthu akamva za Mulanje amaganiza za Sapitwa kapena Chambe. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo ngakhale chidikha cha pamwamba pamene pali tinyumba togona alendo ta Chambe ndi Lichenya chili pafupifupi mamita 1,800 mpaka 2,000, pamene tauni ya Mulanje ili m'munsi mwa mamita 700. Izi zikutanthauza kukwera mamita oposa 1,000 ndi kutsikanso omwewo tsiku lomwelo, zimene maondo a zaka 70 sangazilandire mwamtendere. Achinyamata a mpikisano wa mapotala (onyamulira alendo katundu) amene amathamanga m'phirimo chaka ndi chaka asakunamizeni kuti n'pafupi. Ulendo wa gulu lathu ukhale wa m'munsi, ndipo m'munsimo muli zambiri zoona.

Ulendo woyamba ndimalangiza kuti ukhale wa m'misewu ya m'minda ya tiyi. Misewu imeneyi ndi yotakasuka, mitunda yake ndi yofatsa, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti galimoto ikhoza kufika pomwe munthu wafookera. Ku Thyolo, esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo, ndipo kumtunda kwake kwatsala kachigawo ka nkhalango yakale ya phiri la Thyolo, imene mbali zina inatha ndi nkhwangwa. Ku Mulanje kuli minda ya kufupi ndi boma ndiponso ya ku Lujeri, kumene munthu amaona makoma a phiri ataima pamwamba pa tiyi wobiriwira ndi madzi akutsetsereka m'matanthwe. Koma kumbukirani kuti esiteti ndi malo a eni ake. Pitani ku ofesi masiku angapo ulendo usanachitike, nenani kuti ndinu ndani, mudzakhala angati ndipo mudzadutsa kuti, funsaninso ngati pali chigawo chimene akupoperamo mankhwala. Alonda akakhala kuti auzidwa kale amakhala abwenzi anu, ndipo ndi amene angakuuzeni kumene kuli mpope wa madzi. Vuto la m'tiyi ndi mthunzi wochepa, choncho chipewa kapena ambulera n'zosasiya.

Gulu likalimba, ulendo wachiwiri ungakhale wa ku mathithi a Likhubula, pa Dziwe la Nkhalamba. Mumapatuka pa Chitakale kulowera msewu wa ku Phalombe mpaka ku ofesi ya zankhalango ya Likhubula, kumene amalipiritsa polowa ndiponso kumene kumapezeka magaidi (olondolera alendo njira) odziwika. Mnyamata wamphamvu amafika kumathithiko pafupifupi ola limodzi, koma inu werengerani maola awiri popita ndi awiri pobwera, chifukwa njirayo ili ndi mitunda, miyala ndi mizu. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira, choncho malamulo ake a moto, zinyalala ndi kudula mitengo si ongolankhula. Za dziwelo ndinene mosabisa: ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe, miyala yake ili ndi ndere, ndipo anthu anamiramo. Agogo akhale pathanthwe louma, aviike mapazi pamalo osaya ngati akufuna, koma za kusambira zigwirizanidwe musananyamuke kuti palibe.

Poyerekeza nthawi, werengerani makilomita 3 pa ola pamalo osakwera, onjezani ola limodzi pa mamita 300 alionse okwera, kenako onjezaninso mphindi khumi zopuma pa ola lililonse ndi ola lathunthu la chakudya. Ulendo woyamba usapitirire makilomita 5 kapena 6, kupita ndi kubwera. Ndi bwino anthu abwerere akunena kuti unachepa, chifukwa amenewo ndi amene adzabwerenso mwezi wamawa.

Nyengo ndi kukayendera njira

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, mvula itatha ndipo kutentha kusanafike. Koma nyengo yomweyi ndi ya chiperoni, pamene nkhungu ndi mvula yamawawa zimatha kuphimba phiri kwa masiku angapo, njira n'kuterera, munthu n'kumanjenjemera masana. Kuzizira kwa phirili sikoseweretsa: mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil amene anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa anasowa, ndipo anapezeka mu Ogasiti atafa ndi chisanu. Mukadzuka n'kupeza phiri silikuoneka, imitsani ulendo, ngakhale minibasi mwalipira kale ndipo mbatata zaphikidwa. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, ndipo ngati muyenda ndiye muyambe mbandakucha n'kumaliza 10 koloko isanakwane. M'dzinja musalowe m'phiri ndi anthu achikulire. Mvula ikhoza kugwa pamwamba inu muli padzuwa m'munsi, ndipo mtsinje umene munauoloka madzi ali m'kakolo mumaupeza pobwerera ukukokolola miyala.

Mtsogoleri ayende yekha njira yonseyo mlungu umodzi ulendo usanachitike, pamodzi ndi gaidi amene adzapite naye tsikulo. Izi n'zofunika ngakhale kwa munthu wobadwira komweko, chifukwa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anagumula mbali zambiri za phirili, anakokolola milatho ndi kusintha makwawa, ndipo zipsera zake zikuonekabe mukayang'ana m'matanthwe. Njira imene bambo wina akuikumbukira kuyambira ali mnyamata mwina lero yathera paphompho. Poyendera, onani pamene pali mthunzi wopumira, pamene foni imagwira netiweki ndi pamene imataya, pamene galimoto kapena njinga yamoto ingafike, ndi patchire pamene amayi angapatukire mwaulemu. Ngati njira idutsa m'mudzi, kaonekereni kwa amfumu, ndipo funsani nkhalango zimene ndi manda kapena malo a miyambo kuti gulu lisakalowemo pofuna mthunzi.

Gaidi mugwirizane naye mtengo musananyamuke, ndipo mumuuze momveka kuti anthu anu ndi achikulire ndipo cholinga si kufika msanga. Magaidi ambiri anazolowera alendo achinyamata ofuna nsonga, ndiye phazi lawo ndi lopepuka. Za galimoto, woyendetsa adziwe ola lobwera kudzakutengani ndipo foni yake ikhale yotsegula tsiku lonse. Ndalama zonse zisonkhedwe kusanafike tsikulo kuti m'mawa musatayire nthawi pa kuwerenga.

Zonyamula

Nsapato ndiye nkhani yaikulu. Zikhale zotseka, zokhala ndi mano kunsi, zomanga ndi zingwe, ndiponso zozolowereka kale kuphazi, chifukwa nsapato yatsopano ya pa kaunjika imatulutsa matuza musanathe kilomita yachiwiri. Patapata ndi nsapato za kutchalitchi zitsale kunyumba. Masokosi akhale okhuthala, zikhadabo za kumapazi ziwengedwe kuti zisagunde kutsogolo potsika. Amayi amene savala buluku akhoza kuvala diresi lomasuka ndi chitenje chomangidwa mokwezeka pang'ono kuti mwendo uzitambasuka pokwera mwala, ndipo chitenje china chikhale m'chikwama, popeza chimagwira ntchito yoyala pansi, yofunda, yomangira dzanja lovulala, ngakhale yopangira machila. Aliyense akhale ndi ndodo yolimba yofika m'chigongono. Ena amaikana poti imawaonetsa ukalamba, ndiye mtsogoleri ndi achinyamata aja ayambe ndi iwo kuigwira.

Chikwama chikhale choberekera kumsana kuti manja onse akhale omasuka. Muikemo madzi malita awiri, juzi, jekete kapena pepala la pulasitiki lotchinga mvula, chipewa, mankhwala a munthuyo, ndi chakudya chosavuta monga mbatata kapena chinangwa chophika, nthochi, mtedza wokazinga, chigumu, mazira owiritsa ndi botolo la thobwa. Nanazi wa kuno ndi wokoma pamalo opumira, koma anyamule ndi achinyamata. Mtsogoleri awonjezere kope lija, foni yodzaza moto yokhala ndi mayunitsi, tochi, wezulo, mabandeji, pulasitala, mankhwala otsukira bala, Panado, mapaketi a Thanzi ORS ndi shuga wa m'kapepala. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera mbee, musamwe osathira WaterGuard kapena klorini ndi kudikira mphindi 30, chifukwa kumtunda kumayenda anthu ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira.

Tsiku la ulendo

Aliyense adye kunyumba ndipo amwe mankhwala ake monga mwa masiku onse. Wodwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asanyamuke ndi njala, ndipo maswiti akhale m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama. Yambani kuyenda 7 koloko. Musanaponye phazi, imani mozungulira, pempherani ngati ndi mwambo wa gulu lanu, werenganani, ndipo gwirizanani ola lobwerera. Ola limeneli ndi la pa wotchi, osati la malo: ngati mwati 11 koloko, ndiye 11 koloko ikakwana mukutembenuka, kaya mathithi akumveka kale patsogolo. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, ndipo gulu liyenera kukhala litafika pagalimoto 3 koloko kuti patsale maola a kuwala ngati wina wavulala. Wachibale mmodzi wotsala kunyumba adziwe njira yanu ndi ola limeneli.

Kayendedwe kake ndi aka. Gaidi ali kutsogolo ndipo palibe womudutsa. Pambuyo pake penipeni pabwere munthu woyenda pang'onopang'ono uja, kuti liwiro lake likhale liwiro la onse. Kumbuyo kwenikweni kukhale munthu wodekha wokhala ndi wezulo, amene sasiya aliyense kumbuyo kwake, ngakhale wopatuka kukadzithandiza amamudikira chapatali. Pamphambano iliyonse gulu liime mpaka onse aonekere. Muyeso wa liwiro ndi wapafupi: ngati anthu akutha kucheza koma sangathe kuimba nyimbo yonse osapuma, mukuyenda bwino, koma macheza akazima n'kumangomveka wefuwefu, chepetsani.

Pali chizolowezi china choipa chimene chimaoneka ngati chifundo. Amphamvu amatsogola, amakhala pamwala kudikira, ndipo wotsalira uja akangofika iwo amadzuka n'kunena kuti tiyeni. Mapeto ake amene amafunika kupuma kwambiri ndi amene sapuma n'komwe, ndipo chifukwa cha manyazi sadandaula. Kupuma kuziyamba kuwerengedwa munthu womaliza akakhala pansi. Pa kupuma kulikonse mtsogoleri anene kuti tonse timwe madzi, n'kuona kuti mabotolo atsegulidwadi, chifukwa munthu akamakula ludzu silimveka msanga, ndiponso amayi ambiri amadzimana madzi dala poopa kuvutika ndi kotayira, makamaka amene amamwa mapiritsi a BP okodzetsa. Nenani poyera kumayambiriro kuti malo opatukira alipo ndipo gulu lidzaima. Podzuka pamene mwakhala, dzukani pang'onopang'ono mutagwira ndodo, popeza kudzuka mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire.

Chovuta kuposa mtunda uliwonse ndi kuuza munthu wamkulu kuti watopa. Kwathu kuno mwana salamula kholo, ndipo gaidi wa zaka 25 akaona bambo wa zaka 72 akupuma movutika amangoyang'ana kumbali. Akayesa kulankhula amayankhidwa kuti, "Iwe mwana, phiri ili ndinayamba kulikwera usanabadwe." Mawuwo ndi oona, koma maondo ndi mtima si za nthawi imeneyo. Njira yake ndi kusamuchititsa munthu manyazi pagulu. Mtsogoleri akhoza kusenza yekha kutopako n'kunena kuti, "Bambo, ine mwendo wandivuta, tandiperekezani tikhale pamthunzi apa." Kapena mdzukulu anene kuti, "Agogo, chikwamacho ndinyamuleko, changa chapepuka." Za kubwerera, musaloze munthu, lozani pangano: "Amayi ndi abambo, nthawi imene tinagwirizana ija yakwana." N'chifukwa chake pangano la m'mawa lija liyenera kunenedwa mokweza, aliyense n'kuvomera ndi pakamwa pake, makamaka abusa, amfumu kapena wapampando ngati ali m'gulumo, chifukwa iwo akatembenuka onse amatembenuka. Ngati munthu mmodzi sangathe kupitiriza, asabwerere yekha kapena kusiyidwa yekha pamwala. Atsale ndi anthu awiri, mmodzi wa iwo ali ndi foni, ndipo ngati gulu ndi laling'ono, bwererani nonse.

Kutsika ndi za m'tchire

Anthu ambiri amagwa pobwerera, miyendo itatopa ndipo maganizo ali kale kunyumba. Potsika mangani bwino zingwe za nsapato, ponyani mapazi pafupipafupi, maondo akhale opindika pang'ono, ndodo itsogole. Pamalo otsetsereka kwambiri tsikani chammbali, ndipo pathanthwe lonyowa palibe chamanyazi kukhala pansi n'kutsetsereka chokhala. Wothandiza aime kumunsi kwa agogo, mapazi ake atakhazikika, n'kupereka mkono kuti agwire, osati kuwakoka dzanja. Siyani mpata pakati pa munthu ndi mnzake kuti wina akaterereka asagwetse anzake. Pooloka mtsinje musadumphe miyala. Ndi bwino kunyowetsa nsapato kusiyana ndi kuthyola chiuno, chimene kwa munthu wachikulire chimatha kumugoneka miyezi. Madzi akayamba kuda, kutenga masamba ndi zinyalala, kapena mukamva mkokomo kumtunda, chokani m'khwawa msanga.

M'tchire la nyengo yopanda mvula mdani woyamba ndi chitedze, chimene nyemba zake zaubweya zimalendewera m'mbali mwa njira, ndipo gaidi azichiloza kuti anthu a maso ofooka asachikhudze. Chikakugwerani musakande, tsukani ndi madzi ambiri ndipo vulani chovala chimene chagwidwa. Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri imangogona panjira, choncho yang'anani poponda ndipo musapise dzanja kuphanga kapena pansi pa chipika. Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mugonekeni, vulani mphete ndi zibangili, mangirirani mwendowo ku ndodo kuti usagwedezeke, ndipo munyamuleni kupita kuchipatala. Njuchi zikabuka, phimbani kumutu ndi chitenje n'kuchoka pamalopo osazikupiza. Kuyambira Ogasiti osaka mbewa amatentha tchire, ndipo moto umathamanga kwambiri pokwera mtunda, ndiye mukaona utsi kumunsi kwanu musathawire kumtunda m'udzu, pitani kumsewu, pathanthwe lopanda udzu kapena pamalo opsa kale.

Zizindikiro zina sizifuna kukambirana. Kupweteka kapena kulemera pachifuwa kofalikira kudzanja kapena kunsagwada, kubanika kosatha ngakhale munthu atapuma, kukomoka, pakamwa kupotoka, dzanja limodzi kufooka kapena lilime kulemera, zonsezi zikutanthauza kuti ulendo watha ndipo galimoto iitanidwe nthawi yomweyo. Wodwala shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kuyankhula zosokonekera, mupatseni masupuni atatu aang'ono a shuga m'madzi ngati akutha kumeza, mubwereze pakatha mphindi 15 ngati sanasinthe, kenako adye chakudya. Munthu wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni chammbali. Wofooka ndi kutentha mumuike pamthunzi, mumasuleni zovala, mumunyowetse ndi kumumwetsa Thanzi pang'onopang'ono.

Ulendo wa kunyanja

Gulu likayenda kangapo, pamapezeka wina wonena kuti tikaone nyanja. Kuchokera kuno ndi kutali, choncho nyamukani dzulo lake, mukagone ku Mangochi kapena ku Monkey Bay m'neti yoteteza udzudzu, kuti kuyenda kwenikweniko kuchitike m'mamawa. Ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, mungayende m'mbali mwa mudzi wa Chembe kulowera ku Otter Point, n'kuona manda a amishoni a Livingstonia amene anafika pamalopo mu 1875 asanasamukire kumpoto. Kumeneko n'kotsika ndiponso kotentha kuposa kwathu, ndipo munthu wozolowera kamphepo ka ku Thyolo amafooka msanga, choncho madzi akumwa achuluke ndipo mtunda uchepe.

Mchenga wouma umatopetsa kwambiri, ndipo akuluakulu sananame kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: wotsalira kumeneko sapezanso anzake. Yendani pamchenga wonyowa wolimba, mutavala nsapato, makamaka odwala shuga, chifukwa m'mchengamo mumakhala mbedza, minga ya nsomba ndi magalasi osweka. Gombe limapendekera kumadzi, ndipo kuyenda nthawi yaitali mbali imodzi kumapweteketsa chiuno, choncho ndi bwino kupita ndi kubwerera njira yomweyo. Madzi a nyanja amakwera ndi kutsika malinga ndi zaka, ndipo mu 2024 anakwera mpaka kumiza magombe ena, ndiye funsani eni dera ngati njira ya m'mbali ikudutsika. Pewani mabango ndi pamathiriro a mitsinje, kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, makamaka m'bandakucha ndi chakumadzulo. Madzi odekha a pafupi ndi midzi amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo amene walowamo akauze achipatala akabwerera kuti amuyeze kapena kumupatsa mankhwala. Musaponde makoka oyanikidwa kapena kudutsa pakati pa matandala a usipa osapempha, ndipo poyandikira doko losambirapo amayi kapena abambo, odirani muli patali.

Mukabwerako

Pofika pagalimoto werenganani komaliza, ndipo aliyense afike pakhomo pake, osati kungotsitsidwa pamsewu kukada. Madzulo omwewo aliyense ayang'ane mapazi ake ngati pali matuza kapena zilonda, ndi m'thupi ngati muli nkhupakupa. Mawa lake mtsogoleri aimbire foni mmodzimmodzi. Kuwawa kwa ntchafu ndi akatumba kwa masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa ndipo kumatha ndi kuyenda pang'ono, koma bondo lotupa, phazi losapondeka, chilonda cha wodwala shuga kapena kutentha thupi ndi zopita nazo kuchipatala. M'kope muja lembani ola limene munanyamuka, limene munatembenuka ndi limene munafika, malo amene anavuta, ndi madzi ngati anakwanira. Pokonza ulendo wotsatira onjezani chinthu chimodzi chokha, kaya kilomita imodzi kapena kamtunda kamodzi, ndipo musanalengeze njirayo mufunse kaye maganizo a munthu amene anayenda pambuyo pa gaidi.